Mmene Mungakhazikitsire Nthawi Yosewera Panja pa Sukulu ya Pulayimale ku Salima

Malangizo awa ndi a aphunzitsi aakulu, aphunzitsi a m'makalasi, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi m'boma la Salima, ngakhale kuti zambiri zingathandizenso sukulu zina za m'mbali mwa nyanja. Cholinga chake ndi chakuti nthawi imene ana amatuluka kukasewera itetezedwe ndi kukonzedwa monga momwe timatetezera phunziro la masamu kapena la Chingerezi. Kuyambira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu akhala odzaza, ndipo si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pasimenti, mawondo ali pachifuwa, m'chipinda chofolera ndi malata chimene pofika mwezi wa Okutobala chimatentha ngati ng'anjo. Mwana wa zaka 6 kapena 7 amene wakhala motero kwa maola awiri amakhala kuti wasiya kale kumva zimene mphunzitsi akunena, ngakhale maso ake atayang'ana pabolodi.

Makolo ena, ngakhalenso aphunzitsi ena, amafunsa funso lomveka ndithu: mwana amene wayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi, amene m'mawa watunga madzi ndipo madzulo akakusa mbuzi kapena kuthandiza kuyanika usipa, masewera ndi achiyaninso kwa iye? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu kwa mphindi 60 patsiku, ndipo ndi zoona kuti ana ambiri akumudzi amakwanitsa zimenezi ndi ntchito zapakhomo zokha. Koma pantchito mwana amangochita zimene wauzidwa. Pamasewera ndi pamene amasankha yekha, amagwirizana ndi anzake za malamulo, amadikira kuti nthawi yake ikwane, amagonja n'kuyambiranso, ndipo amaphunzira kuweruza mlandu wa mpira umene anzake akuti wamukhudza pomwe iye akukana kwamtuwagalu. Zimenezi sizilembedwa pabolodi. N'chifukwa chake pangano la mayiko lokhudza ufulu wa ana, limene dziko la Malawi linavomereza mu 1991, limatchula kusewera m'ndime 31 ngati ufulu wa mwana, osati mphotho imene amalandira akakhala wabwino.

Choyamba, tetezani nthawi

Yambani ndi msonkhano wa aphunzitsi onse, ndipo mugwirizane kuti belu la buleki likalira phunziro latha, kaya mphunzitsi ali pakati pa chiganizo. Pali zinthu zitatu zimene zimadya nthawi yopuma m'sukulu zathu, ndipo ndi bwino kuzitchula poyera pamsonkhanowo. China ndi kuuza ana kuti amalize kukopera notsi asanatuluke, zimene zimalanga makamaka ana olemba pang'onopang'ono, omwenso amafunika kupuma kuposa anzawo. China ndi chibalo, monga kutchetcha udzu kapena kukumba dzenje anzawo akusewera. Chachitatu ndi kutuma ana, makamaka atsikana, kukatunga madzi kapena kukasesa kunyumba za aphunzitsi. Lembani mgwirizano wanu m'buku la misonkhano, ndipo aphunzitsi aakulu akhale oyamba kuutsata.

Kalasi imene imalandidwa nthawi yosewera kawirikawiri ndi Sitandade 8, chifukwa cha mantha a mayeso a MANEB. Ine ndimaona kuti uku ndi kulakwitsa kwakukulu, pakuti mwana amene wakhala pansi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka amangowerenga mawu popanda kuwasunga m'mutu. M'sukulu zambiri za ku Finland ana amatuluka panja kwa mphindi 15 akatha phunziro la mphindi 45. Ife sitingathe kutero ndi ndandanda imene tili nayo, koma tingathe kuonetsetsa kuti mabuleki amene alipo kale akuperekedwa athunthu, komanso kuti phunziro la Expressive Arts, limene kuyambira ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya PCAR ya 2007 linaphatikiza masewera olimbitsa thupi, nyimbo, magule ndi zojambula, likuphunzitsidwadi pabwalo m'malo mosandutsidwa nthawi yobwereza masamu.

Ngati sukulu yanu imapereka phala, onetsetsani kuti mzere wa phala sukumeza buleki yonse. Ana alandire kalasi ndi kalasi, kuyambira aang'ono, kapena alandire maphunziro asanayambe. Kumbukiraninso kuti chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, kotero teremu yoyamba imagwera m'nyengo yotentha kwambiri kuno ku Salima. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala masewera othamanga achitike pa buleki yam'mawa, ndipo dzuwa likafika paliwombo ana asewere zapamthunzi.

Chachiwiri, yendani bwalo lonse ndi mapazi

Gawo ili lisachitikire muofesi. Aphunzitsi aakulu, wapampando wa komiti, mmodzi wa gulu la amayi, nthumwi ya amfumu ndi ana awiri kapena atatu a makalasi aakulu ayende pamodzi kuchokera kumalire ena kufika kumalire ena. Anawo ndi ofunika paulendowu chifukwa ndi amene amadziwa pamene pali una wa njoka ndi pamene anzawo amapunthwa tsiku ndi tsiku. Popeza ana ambiri amasewera opanda nsapato, yang'anani pansi mosamala: magalasi osweka, misomali ndi zidutswa za malata zotsala pomanga, waya wadzimbiri, zitsa zobisika m'udzu ndi minga. Yang'ananinso m'mwamba, pamene pangakhale nthambi zouma ndi zisa za mavu, komanso m'mbali mwa bwalo, mmene chitedze chimakonda kuyanga. Gwedezani mitengo ya magolo ndi manja, chifukwa mtengo umene chiswe chadya kunsi umaoneka wolimba kufikira tsiku limene mwana adzalendewerapo.

Choopsa chachikulu kuposa zonsezi ndi maenje. Sukulu zambiri zinaumba njerwa pafupi ndi makalasi, ndipo maenje amene anatsala amadzaza madzi mvula ikagwa, n'kukhala malo amene mwana wa Sitandade 1 angamiremo komanso moswanirana udzudzu. Maenje otero akwiriridwe mvula isanayambe. Chimbudzi chakale chimene chinadzaza chigumulidwe, chikwiriridwe bwino, ndipo pamalopo pabzalidwe mtengo kuti pasamapondedwe. Ntchito imeneyi ndi ya akuluakulu, ndipo amfumu akaitana anthu awo tsiku lachitukuko imatha msanga.

Kenaka onani njira zimene zimadutsa pabwalo. Njinga zamoto za kabaza, ngolo ndi ng'ombe siziyenera kudutsa pamene ana akusewera, ndipo njira yotero singatsekedwe ndi mphunzitsi yekha popanda mawu a amfumu. Kwa sukulu zimene zili m'mbali mwa msewu wa M5 kapena wa M14, pemphani amayi ogulitsa mandasi, zitumbuwa ndi chinangwa kuti azikhala mbali ya sukulu, kuti mwana asawoloke msewu chifukwa cha chitumbuwa.

Chachitatu, mthunzi ndi madzi

Ku Salima bwalo lopanda mthunzi siligwira ntchito kwa theka la chaka. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho mbande zikonzedwe m'teremu yoyamba. Nimu ndi keshya zimakula msanga ndipo zimapirira chilala, mango amapereka mthunzi wabwino ngakhale amakopa ana kukwera ndi kugenda, ndipo bwemba amachedwa koma akakula amakhala zaka zambiri. Nsangu uli ndi khalidwe lothandiza kwambiri, pakuti umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphuka m'chilimwe pamene mthunzi ukufunika, koma popeza uli ndi minga ubzalidwe m'malire osati pakati pa bwalo. Kalasi iliyonse ipatsidwe mitengo yake, iitchingire ku mbuzi, ndipo madzi otayika pamjigo alowetsedwe m'ngalande yopita kumitengoyo. Podikira kuti ikule, chisakasa chaudzu chimene makolo angamange tsiku limodzi n'chokwanira. Uzani ana momveka kuti kukayamba kugunda ndi kung'anima, pansi pa mtengo si pobisala, onse alowe m'kalasi.

Madzi akumwa akhale pafupi ndi bwalo, m'ndowa zovundikira zokhala ndi kampopi, kuti ana asamaviike kapu imodzi onse. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, unatikumbutsa kufunika kwa zimenezi. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuthandizeni ndi kulorini ndi kathiridwe kake. Ikani mpondagiya ndi sopo kapena phulusa panjira yobwerera m'kalasi, chifukwa manja amene agwira dothi ndi omwewo amene agwire chakudya.

Chachinayi, gawani bwalo

Mukaimirira pakhonde nthawi ya buleki n'kuyang'anitsitsa, mudzaona kuti pakati ponse pa bwalo patengedwa ndi anyamata akuluakulu ampira, atsikana apanikizika kuseri kwa makalasi, ndipo ana a Sitandade 1 ndi 2 angoima m'mbali kuopa kugundidwa. Palibe amene analamula kuti zikhale choncho, koma zimakhala choncho pa sukulu iliyonse imene sinachitepo kanthu. Tengani phulusa n'kulemba malire: malo a mpira wamiyendo, malo a ntchemberembaye, malo a ana aang'ono pafupi ndi makalasi awo, ndi malo apamthunzi a masewera okhala pansi. Kenaka lembani ndandanda ya masiku yosonyeza kalasi imene ikugwiritsa ntchito bwalo lalikulu, ndipo atsikana akhale ndi masiku awo a mpira wamiyendo. Amene akukayika akumbutsidwe za Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa, amene mu 2024 anamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku America, komanso za Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa ntchemberembaye wa padziko lonse ku Sydney mu 2015. Komabe cholinga cha buleki si kufufuza akatswiri. Timu ya sukulu ichite zokonzekera zake akaweruka, chifukwa nthawi yopuma ndi ya ana onse, kuphatikizapo amene sadzavala yunifomu ya timu.

Chachisanu, zipangizo ndi masewera

Musadikire kuti wina adzakupatseni mipira. Mpira umodzi wogula, umene umatsekeredwa muofesi kudikira tsiku la mpikisano, suthandiza ana 800, pomwe zikulunga 20 zopangidwa ndi majumbo akale, nsanza ndi zingwe zingafike kalasi iliyonse. Zingwe za jingo zingapotedwe ndi khonje kapena mlaza, matayala akale angakwiriridwe theka kuti ana azilumpha (ndipo otsala aboolodwe kuti asasunge madzi a mvula), ndipo bawo amangofuna maenje 32 okumbidwa pansi pa mtengo ndi timiyala. Neti yoteteza ku udzudzu isasandutsidwe ukonde wa golo. Ngati komiti yavomereza kugwiritsa ntchito gawo la ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, gulani zimene simungapange nokha, monga wezulo, pampu ndi zofunika pa chithandizo choyamba. Kalasi iliyonse ikhale ndi thumba lake la zoseweretsa, ndipo monitala azitulutsa ndi kubweza atawerenga.

Masewera akwathu ali ndi phindu limene timalipeputsa chifukwa tinawazolowera. Taonani mtsikana akusewera phada: amaponya mwala m'mwamba, dzanja lomwelo limakankha timiyala kutuluka m'kabwalo, limabwerera kukawakha mwala uja usanagwe, kenaka amaponyanso n'kubweza timiyala tonse kusiya kamodzi, uku anzake akuwerenga mokweza ndi kuyang'anitsitsa kuti asabere. M'kanthawi kameneko diso, dzanja ndi kuwerenga zagwira ntchito pamodzi, ndipo zala zimene zikuphunzira kugwira pensulo zalimba. Pa fulaye, wapakati amene akuzinda mpira wochokera uku ndi uku amaphunzira kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chipako, chibisaliro, nguli ndi galimoto zawaya zonse zili ndi malo ake. Itanani agogo a m'midzi yozungulira kamodzi pa teremu kuti adzaphunzitse masewera ndi magule amene ana ayamba kuiwala. Chenjezo langa n'lakuti musasandutse sewero lililonse kukhala phunziro, chifukwa mphunzitsi akayamba kufunsa mafunso a masamu pakati pa phada, anawo amangomwazikana.

Chachisanu ndi chimodzi, kuyang'anira

Tsiku lililonse pabwalo pakhale aphunzitsi osachepera awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mayina awo alembedwe pamalo oonekera. Ntchito yawo ndi kuona, osati kulamulira masewera. Mmodzi aime pamene angaone bwalo lonse, wina azizungulira kuseri kwa makalasi ndi kuzimbudzi, chifukwa kumeneko ndi kumene ana aang'ono amalandidwa ndalama, atsikana amavutitsidwa, ndipo njuga imayambira. Foni ikhale m'thumba ndipo chikwapu chisaoneke. Mikangano yaing'ono ya malamulo a sewero asiyireni ana aithetse okha, koma lowererani msanga pakakhala kumenyana, kunyozana chifukwa cha chilema, chipembedzo kapena umphawi, kapena ana akuluakulu akathamangitsa aang'ono pamalo awo. Malamulo a pabwalo akhale ochepa, atatu kapena anayi, ogwirizana ndi ana omwe pa asembule.

Imbani belu kawiri pomaliza. Loyamba ndi losonkhanitsa zoseweretsa, kusamba m'manja ndi kumwa madzi, ndipo lachiwiri, patapita mphindi zochepa, ndi lolowa m'kalasi. Aphunzitsi amene amadandaula kuti ana amabwerera ali phokoso adzapeza kuti mphindi zimenezi zimathetsa vutolo kwambiri.

Aphunzitsi aakulu ambiri amaopa buleki chifukwa ana ena amathawirapo, makamaka akamwa phala, ndipo m'madera ngati Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka anyamata amatsetserekera kugombe kukathandiza kukoka makoka. Mankhwala ake si kuchepetsa buleki, koma kuitananso mayina ikatha ndi kudziwitsa gulu la amayi za ana amene akusowa kawirikawiri. Kusambira m'nyanja kapena m'mitsinje ngati Linthipe nthawi ya sukulu kuletsedwe kotheratu, chifukwa cha ngozi ya kumira, ng'ona ndi likodzo.

Chachisanu ndi chiwiri, funani ana amene sakusewera

Apa ndi pamene mphunzitsi wachikondi amadziwikira. Mwana amene amakhala yekha pakhonde tsiku lililonse ali ndi chifukwa, ndipo kawirikawiri si ulesi. Mwina wabwera osadya, mwina ali ndi malungo kapena magazi ochepa, mwina anzake amamusala. Mufunseni mwachinsinsi, ndipo ngati akuoneka wodwala dziwitsani makolo ndi alangizi a zaumoyo. Atsikana akuluakulu ambiri amasiya kuthamanga akatha msinkhu chifukwa cha manyazi ndi kusowa zodzisamalira pa nthawi ya msambo, ndipo nkhani imeneyi ndi ya gulu la amayi ndi aphunzitsi aakazi, amene angathandize ndi nsalu zosokedwa, malo osinthira ndi kulola kabudula wamkati mwa diresi.

Mwana wachialubino asaletsedwe kusewera, koma atetezedwe ku dzuwa ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu amene amapezeka kuchipatala. Masewera a gulu lake achitikire pamthunzi, mpira ukhale wa mtundu woonekera bwino popeza ambiri amavutika kuona patali, ndipo asasiyidwe yekha kumalire a sukulu. Kwa mwana wosaona, ikani zitsekerero za mabotolo m'kachitini n'kukakulunga mkati mwa mpira kuti uzilira ukamagubuduka. Mwana wolumala miyendo angathe kuponya pa fulaye, kusewera bawo kapena kuimba ng'oma, ndipo ndi bwino kumufunsa iye mwini chimene akufuna m'malo momupatsa ntchito yosunga nsapato za anzake. Mwana wa khunyu azisewera ndi anzake, kungoti asakwere mitengo kapena kuyandikira madzi ndi moto wa kukhitchini ya phala. Akagwa, chotsani zinthu zimene zingamupweteke, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Ana onse auzidwe kuti khunyu sapatsirana.

Mwana akavulala

Kukalika pabondo ndi kupunthwa chala sizingalephereke, ndipo si chifukwa choletsera masewera. Chilonda chitsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, chimangidwe ndi nsalu yoyera, ndipo pasathiridwe dothi kapena phulusa. Wobayidwa ndi msomali apite kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Wa kamfuno akhale pansi, aweramitse mutu kutsogolo, ndipo atsine mphuno kwa mphindi 10. Mwana amene wachita chizungulire ndi dzuwa agonekedwe pamthunzi, amasulidwe zovala, athiridwe madzi pathupi, ndipo amwetsedwe pang'onopang'ono ngati ali maso. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe, asayamwidwe, asamangidwe mwamphamvu, koma anyamulidwe osayenda kupita kuchipatala msanga. Amene wagunda mutu n'kuyamba kusanza kapena kusinza, ndiponso amene mukuganiza kuti wathyoka, nayenso ndi wa kuchipatala. Gwirizanani ndi makolo pasadakhale za njinga imene inganyamule mwana ndi amene angalipire, ndipo ngozi iliyonse ilembedwe m'kope, chifukwa kopelo lidzakusonyezani malo a bwalo amene akufunika kukonzedwa.

Pakutha pa teremu

Itanani makolo kumsonkhano wa PTA nthawi imene ana ali pa buleki, kuti aone okha zimene zikuchitika pabwalo musanawafotokozere. Pamsonkhanowo werengani zimene zili m'kope la ngozi, nenani ngati ana osowa buleki ikatha achepa kapena ayi, ndipo funsani aphunzitsi mmene ana akumvera m'phunziro lotsatira. Zimene mwapeza muwauzenso alangizi a sukulu a m'zoni yanu, kuti sukulu zoyandikana ziphunzirepo. Teremu yachiwiri imagwera m'dzinja, choncho isanayambe yendaninso bwalo lonse, tsegulani ngalande, tchetchani udzu, onani ngati maenje amene munakwirira sanatitimire, ndipo sankhani makonde ndi chisakasa zimene kalasi iliyonse idzagwiritse ntchito pa phada, bawo ndi nyimbo tsiku limene mvula yakana kukata.